Dzanja Limodzi M'thumba

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene ulemu unatsala pang'ono kundipha. Ndikunena izi mosaseka, ngakhale ena amati munthu amene anathawa ku koleji, ngati ine, asamatsegule pakamwa pa nkhani za magetsi.

Kwathu ku Nkolokosa mayi anali ndi malamulo awiri. Wamkulu akakupatsa chinthu, landira ndi manja awiri. Dzanja m'thumba pamaso pa akulu ndi chipongwe. Anandiphunzitsa ndi mthiko, ndipo phunziro limeneli ndi lokhalo limene ndinakhoza bwino moyo wanga wonse.

Patchuthi ananditumiza ku Limbe kwa mlongo wawo, malume a Zuze, amene ankakonza mawailesi kuseri kwa sitolo ya mmwenye. M'kachipindamo munkanunkha mtovu wosungunuka ndi fumbi lopsa. Munali mipando iwiri. Wina unali wa malume. Winawo sunkakhalidwa, ndipo pamwamba pake, pamsomali, panali chipewa chakuda cha munthu amene sindinamuonepo.

Masiku amenewo malume ankapanga bokosi lopatsa wailesi mphamvu ya magetsi, la mzungu wina wa ku Sunnyside, amene ankalankhula ndi anzake akutsidya kwa nyanja pa wailesi yodzipangira. Malume anajambula njira za bokosilo zonse pakatoni. Moto unkalowa khomo limodzi n'kutuluka makomo atatu: mavoliti asanu ndi limodzi otenthetsa mababu a wailesi, mazana awiri ndi theka a mbali yomvera, mazana asanu ndi awiri a mbali yolankhulira.

"Ndi Chitaganya cha maiko atatu chija ichi, mphwanga," anatero malume. "Nyumba imodzi, makomo atatu, koma moto wambiri ukupita khomo limodzi."

Lamulo lawo linali lakuti ukayandikira bokosilo, dzanja lamanzere likhale m'thumba. Ine ndinkangoti ndi mwano umene anthu amatengera m'tauni, ndipo ndinakonza zokawanenera kwa mayi.

Tsiku lina masana mzungu uja anabwera kudzaona ntchito. Anayatsa bokosilo, analiyeza, anagwedeza mutu, n'kuzula chingwe pakhoma. Malume anali atatembenuka kufuna katoni ija. Mzunguyo ananyamula bokosilo m'mbali mwake, kunsi kuli kosatseka, n'kuyang'ana pomwe angaliike. Anaona ine.

"Iwe, gwira."

Ndinachita monga mwana woleredwa bwino. Ndinapinda mawondo pang'ono, n'kutambasula manja onse awiri, zikhato m'mwamba, kuti ndililandirire kunsi.

Khofi la malume limene linanditera linandigwetsera pa mpando wosakhalidwa uja. Chipewa chinagwa pamsomali. Malume anali asanandimenyepo, ndipo m'khutu munalira ngati wailesi yosowa siteshoni.

Sanandiyang'ane. Anauza mzunguyo kuti aliike bokosilo patebulo, analigoneka chammbali, anaika dzanja m'thumba, n'kukhudza ndi sikuludiraiva miyendo iwiri ya chitini china cha mkatimo. Kunamveka phaa! Kunang'anima moto wobiriwira, ndipo nsonga ya chitsulocho inatsala yakuda, yodyeka. Chingwe chinali chili pansi, kutali ndi khoma. Mzunguyo anafiira mpaka m'makutu n'kutuluka kukasuta.

"Zitini izi zimasunga moto," anatero malume. "Kachipangizo kokhetsa moto wotsala sikanafike kuchokera ku Halale. Ukagwira ndi dzanja limodzi, umapsa chala n'kutukwana. Ukagwira ndi awiri, moto umalowa uku, umatulukira uku, ndipo pakatipo pali mtima."

Anatola chipewa chija, anachisasa fumbi pang'onopang'ono, n'kuchibwezera pamsomali.

"Cha a Laisoni ichi, mnzanga wa ntchito. Munthu waulemu kwambiri. Analandira ndi manja awiri."

Madzulo ake ndinabwerera kwathu tsaya litatupa. Mayi atafunsa, ndinati ndinagunda chitseko. Zowanenera malume zija ndinaziiwala.

Malume anamwalira kalekale, ndipo sitoloyo tsopano amagulitsamo matayala. Ku koleji anatiphunzitsa masamu a zitini zimenezi, ndipo ndinalephera mwaulemu. Koma ndinatuluka ndikudziwa kale chimene buku silinanene: chinthu chikazimitsidwa sindiye kuti chatha moto. Khofi lija silinali langa. Linali litasungidwa m'dzanja la malume zaka zambiri, kudikira wina wotambasula manja m'kachipinda komweko.

Mpaka lero wamkulu akandipatsa chinthu, lamanja limapita lokha, lamanzere limafika mochedwa, ndipo akumpingo amati ndine wonyada. Ndimawasiya. Chimene chimandikhalabe pamtima n'chakuti malume sanandiuze amene anapatsira a Laisoni bokosi tsiku limene anafa. Inenso sindinafunse. Ndinali nditakula kale pamene ndinakumbukira kuti m'kachipindamo munali mipando iwiri yokha, wa malume ndi wa a Laisoni.