Njovu ya Ba Choongo Inakana Kumira

Perpetua Mwiinga anagulitsa ziboliboli zaka khumi ndi zinayi m'mbali mwa msewu wopita ku mathithi, ndipo pakamwa pake ndi pamene panaleretsa ana atatu. Mzungu akaima kuti angofunsa njira, ankachoka atakumbatira mvuu ziwiri ndi mbale yamtengo, osadziwa kuti zatheka bwanji.

Koma mtima wake unali ku choko. Giredi 12 anakhoza bwino, makamaka sayansi, kungoti ukwati unafulumira. Mwana wake womaliza atalowa sekondale, Perpetua anamva za maphunziro ofulumira a uphunzitsi: digiri ya zaka zinayi yopanikizidwa m'zaka ziwiri ndi theka, yopanda tchuthi, ukamaliza n'kukatenga laisensi. Analembetsa ali ndi zaka makumi anayi ndi ziwiri.

Maphunzirowo ankathamangadi. Mutu umene ena amaudya mwezi wathunthu, iwo ankaumeza sabata imodzi. Perpetua ankawerengera pabenchi yake yomweyo, buku pamiyendo, ndipo pofuna kuyesa ngati zalowa ankaphunzitsa aliyense woima pafupi. Mjeremani wina amene anangofunsa mtengo wa kambuku anachoka akudziwa kayendedwe ka magazi m'thupi. Kambukuyo anagulanso.

Chaka chachiwiri anamutumiza kukayeserera kuphunzitsa pasukulu ina ku Maramba, kalasi ya giredi 8, ana makumi asanu ndi limodzi. Tsiku lodzamuyesa anakonza phunziro la zinthu zomira ndi zoyandama. Anagula beseni lalikulu kumsika, natolera mwala, msomali, lalanje ndi kachidutswa ka phingo, mtengo wakuda uja wolemera kwambiri moti umamira m'madzi.

Womuyesa atalowa, Perpetua anamuzindikira nthawi yomweyo. Anali Ba Choongo, mphunzitsi wa ku yunivesite, bambo woonda wamagalasi, yemwe zaka zitatu zapitazo anagula kwa iye njovu yakuda yokapatsa apongozi ake. Perpetua anali atalumbira kuti ndi phingo weniweni. Zoona zake unali mtengo wopepuka wopaka polishi wa nsapato.

Ankayembekeza kuti bamboyo anaiwala. Koma Ba Choongo atakhala kumbuyo, anatsegula chikwama, natulutsa njovu ija n'kuiimika padesiki.

"Ndinaona dzina lanu ndi mutu wa phunziro," anatero mofatsa. "Ndiye ndabweretsa chothandizira, Ba Mwiinga."

Perpetua anayamba ngati sanamve. Mwala unamira, lalanje linayandama, kachidutswa ka phingo kanapita pansi, ana n'kudabwa kuti mtengo ungamire. Anali pafupi kupulumuka pamene Nasilele, mtsikana wokhala kutsogolo amene sankalola kanthu kumudutsa, anakweza dzanja.

"Ba ticha, nanga njovu ya alendo?"

"Amene anandigulitsa anati ni phingo," Ba Choongo anathandizira, akuipereka kutsogolo. "Iyenera kumira."

Perpetua anailandira ndi manja awiri, naiika m'beseni. Njovu inatembenuka chagada, miyendo m'mwamba, n'kumayandama mosangalala, madzi akuyamba kuda pang'onopang'ono. Kalasi yonse inagwa ndi phwete.

Perpetua anadikira kuti ana atonthole, kenaka anati, "Wogulitsa njovu iyi ananama. Ndikumudziwa bwino, ndimamuona pagalasi m'mawa uliwonse. Tsopano inu mundiuze kuti alendo athu akanamugwira bwanji tsiku lomwelo."

Anawagawa m'magulu. Ena anayerekeza kulemera kwa njovu ndi kwa phingo m'manja, ena anakanda kunsi ndi msomali mpaka mtengo woyera unaonekera, ena ananunkhiza n'kutchula polishi. Atafika pofotokoza chifukwa chake zinthu zina zimamira ngakhale zili zazing'ono, ana anali atazinena kale okha. Belu litalira palibe anadzuka.

Mu ofesi ya aphunzitsi Ba Choongo analemba nthawi yaitali.

"Apongozi anga anaipukuta ndi nsalu yonyowa," anatero pomaliza, "kenaka n'kugwira bulauzi yoyera ya kutchalitchi. Mpaka lero amandipatsa moni ndi dzanja limodzi."

"Pepani, Ba Choongo. Ndikubweretserani ina, yeniyeni."

"Bweretsani. Iyi isungeni, ikugwira bwino ntchito kuno kuposa pakabati."

Anamupatsa pepala. Malikisi anali apamwamba, ndipo pamzere wa zipangizo zophunzitsira panalembedwa kuti zinali zoyenera kwambiri, ngakhale wophunzitsayo anachita kukakamizidwa kuzigwiritsa ntchito.

Vuto linatulukira kwina. Patangopita sabata, Moono, mnzake woyandikana naye benchi amene anaphunzitsa Perpetua za polishi zija, anabwera kunyumba nkhope ili gwa.

"Ana anu andithera malonda. Kamtsikana kena ka yunifomu kamaima pamsewu Loweruka, kumauza azungu kuti asanagule apemphe madzi."

"Ndiye apatseni madziwo," anayankha Perpetua.

Moono anachoka akung'ung'udza, koma patapita masiku anaikadi chidebe pambali pa benchi. Zinapezeka kuti azungu amakonda kuona chiboliboli chikumira kuposa kumva malumbiro, ndipo ankajambula, kuomba m'manja, n'kugula osatsitsa mtengo. Zopepuka zija anasiya kuzipaka. Anayamba kuzigulitsa ngati mvuu zosambira, zoti ana azisewera nazo posamba, ndipo zinkatha msanga kuposa zaphingo.

Perpetua anamaliza digiri, laisensi inatuluka, ndipo anatumizidwa kusukulu ina ya ku Kazungula. Tsiku lonyamuka Moono anabwera kudzatsanzika, namupempha mwaulemu kuti akadzafika pamutu wa miyala ya mtengo wapatali ayambe wamuimbira foni, chifukwa mlamu wake amagulitsa mikanda imene amalumbira kuti ndi ya miyala yeniyeni.