Chitseko cha Adadi ku Lewisham

Dzulo ndikupenta kuchipinda kwanga, fungo la penti linandikumbutsa holo ya tchalitchi chathu ku Lewisham, kutsidya kwa nyanja, ndili kamtsikana ka zaka zisanu ndi ziwiri.

Amalawi anzathu anakonza sewero, ndipo adadi, amene masiku onse ankayendetsa basi, anapatsidwa mbali yaikulu. Ankasewera munthu wofuna kubwerera kwawo. Ankanyamula sutikesi, kutsanzikana ndi aliyense, kenako n'kukagunditsa mutu pachitseko chongojambula pathabwa. Akagwa ankadzuka, kusasa jekete, n'kuyambiranso kutsanzika. Anthu ankaseka mpaka kugwira nthiti, koma mayi wina pafupi nane ankapukuta misozi ndi mpango.

Ine zinandipweteka. Bambo anga akuvutika chonchi, akuluakulu n'kumangoseka? Atagwanso, ndinapulumuka m'manja mwa amayi n'kukwera pasiteji. Penti inali isanaume bwino, moti inali itawadetsa pachipumi.

"Adadi, si chitseko chenicheni ichi," ndinatero ndikuwakoka dzanja. "Chenicheni chili uko, pafupi ndi toileti."

Holo yonse inafa nacho chiseko. Adadi sanandikalipire. Anagwada, nayankha mokweza kuti onse amve: "Zikomo mayi wanga, koma chimenecho chimangotulukira ku Lewisham konkuno." Anandinyamula, sutikesi kudzanja linalo, namaliza sewero lonse ine ndili paphewa pawo, ndikunyadira kuti ndawapulumutsa.

Ndinadzamva nditakula kuti adadi anathawa ku Malawi chifukwa cha ndale, ndipo chaka cha sewerolo mayi awo anaikidwa m'manda iwo palibe.