Tsiku Lomwe Bizweki Anagona Pansi pa Chilwa

Ku Kachulu galimoto ikakana kulira, anthu amathamangira kwa Bizweki. Ndi bambo wamfupi, wosalankhulalankhula, zikhadabo zakuda ndi girizi. Koma mumuuze kuti akakonze injini ya boti lili pamadzi, mumva yankho: likokereni kumtunda. Zaka makumi awiri wakhala m'mbali mwa Chilwa osaviikamo ngakhale chala, ndipo apadoko amamuseka kuti angakhale posamba amayamba wapemphera. Alekeni aseke, ambiri mwa iwo anali asanabadwe pomwe zinamuonekera.

Kwawo ndi kuchilumba cha Chisi. Asanagwire sipanala anali mmisiri wokhoma maboti a matabwa. Boti lina analisiya pamtunda miyezi itatu, matabwa n'kuuma, mipata n'kutseguka. Anamatamata phula mothamanga, n'kukwera ndi mng'ono wake Enoki kukagulitsa matemba ku Kachulu. Pakati paulendo mphepo inadzuka, madzi n'kulowa paliponse. Bizweki anatoledwa ndi asodzi atakakamira thabwa. Enoki sanapezeke mpaka lero. Chichokereni apo Bizweki sanapondenso ku Chisi. Mayi ake, a Sofiya, ndiwo ankawoloka kudzamuona, mpaka miyendo inawakana.

Ndiye kunabwera chaka chomwe nyanja inaphwa. Pomwe panali madzi panatsala dothi lotuwa, long'alukang'aluka, lonunkha nsomba zakufa. Anthu anayamba kuwoloka wapansi, kenako panjinga, kenako olimba mtima pagalimoto. Koma aliyense ankadziwa kuti kuumako n'kwapamwamba chabe. Pansi pake ndi thope lokhalokha, ndipo mvula ikangogwa pang'ono galimoto imatitimira pomwepo, munthu wamiyendo yake amatulukamo chokwawa.

Uthenga utabwera woti a Sofiya sakutha ngakhale kudzitungira madzi, Bizweki anasowa pozembera. Anayang'ana chipikapu chake.

Chipikapucho chinali chophatikizaphatikiza. Injini yake yoyamba itafa, anaikamo ina yakalekale ya kabuleta yomwe anakaitola ku Zomba. Inabwera yopanda pampu yokoka petulo, choncho anagula kapampu kamagetsi n'kukamanga kunsi, pafupi ndi thanki. Ukapotoza kiyi kamayamba kaye kugunda, tiki-tiki-tiki, kudzaza kabuleta, ndiye injini n'kulira. Kumbuyo konyamulira katundu kunali kutadyeka ndi madzi a nsomba, ndipo poti umisiri wakale unali ukadali m'manja, anayalako matabwa a boti.

Anapita m'mawa wina mu Novembala, akutsata mikwasa ya matayala a anzake. Anafika.

"Ndimayesa udzabwera ndi bokosi," anatero mayi ake pomulandira.

Anawanyamula ngati mwana n'kuwakhazika kutsogolo, kamtolo kawo pamiyendo. Pobwerera, Chisi itatsala kumbuyo, Kachulu ikungooneka madenga, injini inatsokomola kawiri n'kuzima.

Anapotoza kiyi. Magetsi anayaka, sitata inazungulira bwinobwino. Koma kapampu kanali zii. Apo m'pomwe anayang'ana pagalasi n'kuona mtambo ukuchokera cha ku Mozambiki, wakuda bii, utayamba kale kutsitsa mvula kuseri kwa Chisi. Galimotoyo ikanatsala, akanailira n'kuiwala. Koma mayi osayenda angawabereke mpaka kuti m'thope lofika m'ntchafu?

"Taimiranji?" anafunsa a Sofiya.

"Khalani momwemo, mayi. Musatsike."

Anatsegula boneti. Fyuzi inali yamoyo. Waya wochokera kukiyi anali pamalo pake. Kunatsala kulowa kunsi, ndipo Bizweki anaima kaye akuyang'ana dothilo. Anaopa, osati pang'ono. Kenako anagwada, n'kugona chagada, n'kudzikankhira pansi pagalimoto.

Dothi linali lotentha pamwamba, koma mapewa ake atalipsinja linabonyoka, kuzizira kwa thope n'kumufika pamsana. Pafupi ndi khutu lake panali zigoba za nkhono ndi chidutswa cha ukonde wakale. Anazindikira pomwe wagona. Apa ndiye pansi panyanja, pomwe iye sanafike tsiku lija, pomwe anafika mng'ono wake. Anafuna kutuluka n'kuthawa, ndipo akanakhala yekha akanathawadi.

Anatulutsa m'thumba kababu kake koyesera magetsi. Waya umodzi anagunditsa pomwe moto umalowera mupampu, wina pachitsulo cha galimoto. Babu linayaka. Ndiye kuti moto ukufika. Nanga bwanji kapampu sikakugunda? Ngati kapsa, basi, zatha, pampu ina ili ku Zomba. Anakamenya ndi sipanala. Zii. Mphepo inayamba kulowetsa fumbi la mchere m'maso mwake, ndipo kutali kunagunda bingu.

Moto ukalowa m'chinthu umafuna njira yobwererera kubatire, ndipo njirayo ndi waya wa ethi, womwe umamangidwa kuchitsulo cha galimoto. Bizweki anautsata ndi chala. Anali ataumanga pabawuti yomwe inaboola thabwa n'kukaluma chitsulo. Anaikhudza bawutiyo. Inazungulira yokha m'zala zake, gwedegwede.

Anatsinzina. Nthawi yonse yomwe nyanja inali ndi madzi, matabwawo ankanyowa tsiku ndi tsiku ndi madengu a nsomba, n'kufufuma, n'kuigwira bawuti zolimba. Tsopano miyezi inayi osanyamula nsomba yaiwisi. Matabwa anauma, anafota, mpata n'kutseguka. Iye, mwa anthu onse a padziko, kuiwala zomwe thabwa la boti limachita likauma! Kachiwiri, panyanja yomweyi, ndi munthu wa m'nyumba yomweyi.

Sipanala inangoterereka, mazinga a bawuti anali atadyeka ndi dzimbiri. Anakwawira kumbuyo, n'kuzula waya wa nyale yakumbuyo, n'kuusenda ndi mano. Anapala chitsulo ndi mpeni mpaka chinawala, n'kumangapo wayayo pa nati ina yolimba. Akulumikiza mbali inayo kupampu, anaona mapazi awiri owonda akutsika pakhomo la galimoto. Anagwedezeka, mawondo n'kupinda, ndipo mayi ake anakhala pansi, phwatha.

"Mayi, ndinati musatsike."

Dontho loyamba linagwa pamatabwa pamwamba pake, lalikulu. Lachiwiri. Bizweki anatuluka chokwawa, n'kulowetsa dzanja pazenera, n'kupotoza kiyi.

Tiki. Tiki-tiki-tiki-tiki.

Injini inalira pakuyesa kwachitatu. Anathamangira mbali inayo kuti awanyamule, koma a Sofiya anamukaniza ndi dzanja. Anali atayala chikhato padothi, akulisisita pang'onopang'ono monga amachitira munthu pamsana pamwana wodwala. Mvula inali ikuwanyowetsa duku.

"Ndi pano?" anafunsa.

Bizweki anayang'ana uku ndi uku. Panyanja palibe mtengo, palibe chulu. Tsiku lija kunali mafunde okhaokha. Mwina panali pano, mwina kutsogolo uko, ndani angadziwe? Dothi linali litayamba kuda pansi pamapazi ake.

"Ndi pano, mayi."

A Sofiya anakanda dothi ndi zala, n'kumanga kadzanja ka dothilo pansonga ya chitenje. Anachita mosafulumira, mfundo ziwiri. Atamaliza anakweza manja.

"Chabwino. Ndinyamule."

Njira yotsalayo anaiyenda galimoto ikuvina, matayala akumbuyo akumwaza thope, iye osayerekeza kuchotsa phazi pamoto. Kawiri konse inafuna kukhala. Atakwera pamtunda wolimba wa Kachulu anazimitsa injini, ndipo manja anakana kuchoka pachiwongolero.

Nyanja inabwerera chaka chotsatira, ndipo Bizweki sanayambe kulowamo ayi, maboti amawakokerabe kumtunda. Pampu ija anaisamutsira pachitsulo sabata yomwe anabwera ndi mayi ake. A Sofiya anakhala naye zaka zitatu. Aliyense wobwera kudzawazonda ankamuonetsa kamfundo kadothi kaja, n'kumuuza kuti mwana wawo, ngakhale mvula inali pamutu, anaimitsa galimoto pakati panyanja kuti awaonetse pomwe pagona Enoki. Bizweki akamva ankangoweramira ntchito yake. Za bawuti sanawauze.