Uthenga Umene Unkalamula Kompyuta

Ndinali ndi zaka khumi ndi zinayi, Folomu 2 pa sekondale ina pafupi ndi Karonga boma, pamene aphunzitsi athu a kompyuta, a Chikaonda ochokera ku Dedza, anatipangira tsamba la pakompyuta lolembapo mafuno abwino kwa a Folomu 4. Tsambalo linali loti lidzaonetsedwe pakhoma, makolo akuona, tsiku lotsanzikana.

Masana ena titalitsegula, pagalasi panatumphuka kabokosi ka mawu onyoza ahedi. Tikakatseka, kankabweranso. Ahedi anati zikadzachitika pamaso pa makolo, chipinda cha makompyuta achikhoma basi. Ndinada nkhawa, poti kwathu ku Mlare kunalibe kompyuta ina yoti ndingaikhudze.

A Chikaonda anatisonyeza gwero lake. Wina anabisa mawu akuti <script> mkati mwa uthenga wake, ndipo kompyuta ikaona mawu amenewa imatenga zotsatirazo ngati lamulo loti ichite.

"Tumpale," anandiitana, "lemba kapulogalamu kofufuza mawuwa mu uthenga uliwonse. Kakawapeza, kaukane."

Malata ankathetheka ndi dzuwa, zala zanga zikuterera ndi thukuta. Nditamaliza ndinayesa, kanagwira. Koma aphunzitsi anakhala pampando wanga n'kulemba mawu omwewo m'malembo aakulu. Kabokosi kaja kanatulukira. Ndinakonza kuti uthenga uziyamba wasandutsidwa malembo aang'ono. Iwo anasiya kampata chizindikiro chotsekera cha > chisanafike, kabokosi kanatulukanso. Ndinakonzanso. Kenako analemba lamulo lonamizira kukhala chithunzi, lopanda n'komwe mawu amene ndinkasakawo, ndipo linadutsa.

"Ndiye tidzatha bwanji, aphunzitsi?" ndinafunsa, misozi ili pafupi.

"Sitingathe. Njira zake n'zambiri kuposa zimene iwe ndi ine tikuzidziwa. Kufufuzako kusiye kukhale, koma uuzenso kompyuta kuti chilichonse chimene munthu walemba izichionetsa monga malembo chabe."

Anandiphunzitsa kusintha zizindikiro zotsekulira ndi zotsekera zija kuti zizingooneka, zisamagwire ntchito.

Tsiku lotsanzikana sindinadye. Ndinakhala kumbuyo, maso pakhoma, mauthenga akudutsa. Mwadzidzidzi panatuluka mzere wautali wa zizindikiro zosamveka. Munthu uja anayesanso! Ndinadikira kabokosi kaja. Sikanabwere. Bambo wina pafupi nane anangofunsa mnzake m'Chinkhonde ngati chimenecho chinali Chiswahili cha ana a masiku ano, ndipo mzerewo unapita.

Amene ankachita zija sanadziwike. Lero ndimalemba mapulogalamu pantchito, ndipo ndikaona kuti pulogalamu yanga yagwira ntchito, ndimayamba ndafunsa kuti yagwira pa mayeso a ndani. Ndinazindikira kuti ndikamayesa ndekha ntchito yanga ndimaimvera chisoni, ndimangoipatsa mafunso amene ndikudziwa kuti iyankha. Munthu wofuna kuononga alibe chisoni chimenecho.