Manda anu ndawasowa, Ababa

Ababa, lero ndinapita ku Nachisaka koyamba chichokereni, khasu lili m'manja, kuti ndikalambule pamanda anu. Ndabwerako osawapeza. Mtanda wathabwa uja unadyedwa ndi chiswe kalekale, ndipo mbali imene ankaikako ife matenanti ndi thengo lokhalokha. Mkulu wina wokumba manda wandiuza kuti, "Pepani amayi, alendo amene tinaika kunoko ndi ambiri, sitingawadziwe."

Ndinakhala pansi n'kukumbukira tsiku lija, zipani zambiri zitangoyamba kumene. Munali gone pamphasa m'chigafa, chifuwa chitakumalizani, ine ndikusoka fodya pambali panu. Amayi ankalira kuti mukatisiya tidzakunyamulani bwanji mpaka ku Mulanje, poti munthu amayenera kugona pakati pa abale ake. Inu munadzutsa mutu movutikira n'kunena kuti, "Mudzandiike konkuno. Lipenga likadzalira, Yesu sadzafunsa kuti uyu kwawo n'kuti. Adzangoitana dzina basi." Sipanathe sabata. Fodya atagulitsidwa, bwana anatichotsa pa esiteti, ndipo tinakusiyani nokha m'mapiri a eni ake.

Zoti akufa adzauka ndimakhulupirira, Ababa, ndimavomereza m'tchalitchi Lamulungu lililonse. Koma lero ndaitana dzina lanu katatu m'thengo muja, ndipo mwangokhala chete. Khasu ndabwerera nalo osagwiritsa ntchito. Mawu anga sakufikani kumene muliko. Ndangotsala kudikira Iye uja munkanena, amene sadzasokera pamanda ngati mmene ndasokerera ine.