Foni Yanga Inali Pakati

Kwathu ku Vubwi netiweki kulibe. Mwana wanga Yona, Mulungu amudalitse, anakonza zoti mafoni am'mudzi azipatsirana uthenga okhaokha, iyi kupatsira iyo, mpaka kuphiri komwe netiweki imagwira. Anati, "Amama, yanu ili pakati, musamazimitse."

Lachinayi lina kumapemphero a amayi ndinaizimitsa, kuopa kuti ingalire amayi abusa akupemphera. Tsiku lomwelo ng'ombe ya aPhiri inatupa mimba, ndipo uthenga woitana adokotala a ziweto unathera pa ine. Ng'ombe inafa.

Yona atandifunsa ndinati, "Inali yoyaka, mwanangu."

Anagwira mutu. "Basi, zangazi sizigwira ntchito, amama."

Wafufuta zonse, wabwerera ku Katete komwe amakhala, anthu akuno akumuseka. Ndimapemphera, koma pakamwa sipakutseguka kuti ndimuuze. Nyama ya ng'ombeyo ndinadya nawo, Ambuye andikhululukire.