Zimene Limbani Anadya Tsiku Limene Tinathawa

Tsiku limenelo ndinadzukira ntchito yanga ya masiku onse. Ndinkasinja mtedza ndi usipa wouma m'kamtondo kakang'ono, zothira m'phala la Limbani, mlongo wanga. Ine ndinali ndi zaka khumi ndi zinayi. Iye anali atangoyamba kuyenda chogwirira makoma. Lero ndi mwana wasukulu, wamiyendo yaitali, ndipo sakumbuka kanthu. Ndikulemba izi kuti iye ndi anzake obadwa pambuyo adziwe.

Amayi anali atamuletsa kuyamwa mwezi womwewo. Anali ndi pathupi pena, ndipo kwathu amati mkaka wa mayi woyembekezera umadwalitsa mwana. Anapaka tsabola kubere n'kumusamutsira pamphasa yanga. Kusikelo anadzatiuza kuti mkakawo sulakwa kanthu, koma mawuwo anafika mochedwa. Limbani anali atasanduka wanga.

Mwanayo anakwiyira dziko lonse. Kondowole ankalavula. Phala la mgaiwa lopanda kanthu ankalikankha ndi dzanja. Anaonda mpaka khosi linatsala ngati la mwanapiye. Mlangizi wa zaumoyo atamuyeza mkono ndi kachingwe kaja, anapukusa mutu. Anati asadumphe chakudya ngakhale kamodzi, apo ayi tikagona naye kuchipatala.

Amene anapeza chimene ankalola ndine. Phala losalala, lothira nsinjiro ndi usipa wosefa bwino, losatentha komanso losazizira. Masana nthochi yakupsa yokanya ndi supuni, kapena mbatata yophika yofewetsa ndi timadzi. Amayi akabwera ndi mbale ankatseka pakamwa, ine ndikabwera ankayasama. Ndinkanyada nazo, sindinama.

Mudzi wathu, kufupi ndi Kanyenda, unkalimbirana dambo ndi mudzi wa kutsidya kwa mtsinje. Ife tinkalimamo mpunga. Iwo ankati malowo ndi a makolo awo, ndipo ena mwa iwo ankafuna kudzalamo nzimbe. Mkanganowo unali wakale kuposa ine. Tinauzolowera ngati ng'ona: tikudziwa kuti zilimo, koma madzi timatungabe.

M'mawa umenewo amayi ndi abambo analawirira kudambo kukamweta mpunga. Phala linali litangoyamba kutentha pamoto. Ndinamva malikhweru ambiri nthawi imodzi, kenako agalu. Kumapeto kwa mudzi kunakwera utsi. Utsi wa nzimbe timaudziwa, umabwera ndi timaphulusa togwa pang'onopang'ono. Uwu unali wa udzu wa padenga.

A Nachisale, oyandikana nafe, anadutsa akuthamanga opanda mpango kumutu. Sanaime. Anangoti, "Akuotcha, tenga mwana."

Ndinabereka Limbani. Ndinakhuthulira za mumtondo m'kajumbo ka shuga. Ndinatenga supuni. Poto ndinamusiya pamoto, ufa usanapse. Nzeru za mantha n'zotero: munthu kutenga supuni n'kusiya phala. Poto ameneyo amandipwetekabe mtima.

Kudambo sindinapite, chifukwa phokoso linkachokera komweko. Ndinacheukako kamodzi kokha. Ndinaona anthu akuthamanga m'madzi, ang'onoang'ono chifukwa cha kutalika. Sindinathe kuzindikira chitenje cha amayi.

Tinalowa m'munda wa nzimbe. Munali kale anthu ena a m'mudzi mwathu, atakhala pansi m'mizere. Masamba ankacheka m'mikono. Aliyense ankadziwa mmene nzimbe zimayakira zikagwira moto.

Nthawi ya phala itadutsa, Limbani anayamba kulira. Anayamba pang'ono, monga ankachitira kunyumba pondikumbutsa. Pamsewu wafumbi wa m'mbali mwa mundawo pankadutsa amuna akuyankhula mokweza, wina akukhukhuza chikwanje pansi. Ndinamumasula n'kumuika pamiyendo. Ndinamulowetsa chala m'kamwa, anandiluma. Kenako anafufuza pachifuwa panga ndi nkhope yake. Panalibe kanthu, nanenso ndinali mwana.

A Nachisale anamasula chitenje chawo n'kutulutsa chinangwa chimene anazula m'njira. Anathyola, anasenda ndi zala, anamupatsa. Limbani anachigwira ndi manja onse awiri n'kuika kukamwa. Anakhala chete. Anthu onse anapuma.

Ine ndinali ndi chizolowezi chimodzi. Kanthu sikankalowa m'kamwa mwa Limbani ndisanalawe. Ndinatola kachidutswa kotsala n'kuluma. Kanali kowawa. Chinali chinangwa cha kondowole, chija timaviika m'madzi masiku angapo kuti ululu uchoke. Chachiwisi chimagwetsa ndi mbuzi yomwe. Ndinamulanda. Ndinakolowola ndi chala zonse zinali m'masaya mwake.

Analira kulira kumene sindinakumvepo. A Nachisale ananong'ona kuti pang'ono sipapha. Mwina ankanena zoona kwa mwana wonenepa. Wangayu analibe thupi lopirira nalo.

Bambo wina wachikulire anandiyandikira chokwawa. Anati, "Mwanawe, mutonthoze, kapena upite naye kutali. Utiphetsa." Ananena mofatsa. Mpaka lero tikakumana ndimawapatsa moni, koma wa pakamwa pokha.

Ndinaberekanso mwana n'kutsata mzere wa nzimbe mpaka ndinatulukira mbali ina. Kumeneko kunalibe munthu. Ndinathyola nzimbe, ndinasenda ndi mano, ndinafinyira madzi ake musupuni. Anamwa timadontho n'kutembenuza mutu. Ndinayesa nsinjiro zouma zija, nditazinyowetsa ndi malovu. Zinamutsamwa. Anatsokomola mpaka maso anafiira, ndipo ndinaopa kuti ndamupha ndekha.

M'ngalande ya m'mundamo munkayenda madzi. Anali obiriwira m'mbali. Ndinali nditaonapo zimene kutsekula m'mimba kumachita kwa ana onga Limbani. Ndinawayang'ana ndili ndi ludzu, kenako ndinapitirira.

Ndinadutsa padimba lina pamene panali mkoko wa nthochi. Ndinazungulira tsinde lake, ndikukanikiza iliyonse ndi chala. Zonse zinali zaziwisi.

Dzuwa litafika pamutu, Limbani anasiya kulira. Mutu wake unkangogunda pamsana panga ndikamaponda. M'mawa wonse ndinkapempha kuti atonthole. Tsopano kutontholako kunandiopsa kuposa zikwanje. Ndinkamutsina kuphazi kuti ndimve kakubuula. Ndinapapasa paliwombo pake, panali patalowa.

Ndinafika pamsewu wa tala. Maminibasi opita ku Dwangwa ankadutsa, makondakitala akuitanira monga tsiku lililonse. Zimenezo zinandikwiyitsa kwambiri. Ndinayenda m'mbali mwa msewu, maso pansi. M'mphepete mwa msewu umenewo mumakhala abale a midzi yonse iwiri, ndipo funso loyamba la munthu aliyense ndi lakuti kwanu n'kuti. Ndinkaopa funso limenelo.

Cha kufupi ndi Dwangwa miyendo inakana. Ndinaima pampanda wa nyumba ina yamalata. Pakhonde panali mayi wovala mpango wophimba mpaka m'khosi, akupeta mpunga. Anayang'ana mwana, osati ine. Anaika lichero pansi.

"Wadya liti mwanayu?"

"Dzulo madzulo."

"Amalola chiyani?"

Ndinawauza, ndipo ndinawaonetsa kajumbo kanga. Za kwathu sanafunse.

Unali mwezi wa Ramadhani. Pakhomopo anali Asilamu, akuluakulu onse akusala kudya mpaka dzuwa litalowa. Mbaula inali yozizira. Mayiwo, amene anthu ankawatcha Make Saidi, anaisonkha dzuwa lidakali m'mwamba. Poyamba anasungunula shuga ndi kamchere m'madzi owiritsa. Anandiuza kuti ndizimudonthezera ndi supuni yanga, pang'onopang'ono. Ena ankatsikira kuchibwano, ena ankalowa.

Kenako anatapa mpunga wosweka, uja umatsalira kumapeto kwa lichero. Anausinja, anauphika mpaka unasungunuka. Anathiramo nsinjiro ndi usipa wanga, ndi kadontho ka mafuta. Anavundula. Anatapa ndi chikombe, n'kuima nacho m'mwamba. Anaseka pang'ono.

"Ine ndafunga, mwanangu, sindingalawe. Lawa ndiwe. Ndiwe ukumudziwa."

Ndinalawa. Mchere unali wochepa ndipo linkaotcha lilime. Anawonjezera kamchere, anayamba kulitsanulira m'makapu awiri uku ndi uku kuti lizizire. Ndinalawanso. Linali bwino, ndipo ndinawauza. Iwo anati ndilawenso. Nditalawa anati sakukhulupirira, ndilawe kena. Ndinazindikira patapita zaka kuti ankandidyetsa.

Supuni yoyamba inakhala m'kamwa mwa Limbani osayenda. Maso ake anali otseka. Ndinayang'anitsitsa pakhosi pake, osapuma. Kenako pakhosipo panagwedezeka. Anameza. Anatsegula maso n'kuyasama, monga ankachitira kunyumba. Apo m'pamene ndinalira, koyamba tsiku lonse. Make Saidi anandigwirira kapu kuti ndisataye phala.

Tinakhala pakhomopo masiku angapo. Masana moto unkayakira ife awiri basi. Ankamukanyira nthochi, ankamuphikira futali wofewa, ndipo chilichonse ndinkalawa ine. Nthawi zambiri ndinkakhala pampanda, kuyang'ana aliyense wotsika minibasi.

Abambo anatipeza atafunsa khomo ndi khomo. Mkono wawo unali womanga. Anati nyumba yapsa, nkhokwe yapsa. Amayi anali kuchipatala. Anathamanga m'madzi a m'dambo, anagwa, ndipo anapita padera. Abambo ananena zimenezi akuyang'ana Make Saidi, poganiza kuti ine sindikumva tanthauzo lake.

Amayi atatuluka m'chipatala, abambo anabwera nawo komweko. Ankayenda pang'onopang'ono. Make Saidi anawayalira mphasa pakhonde. Inali nthawi ya phala, ndipo kapu inali kale m'manja mwanga. Amayi anatambasula manja, ndinawapatsa Limbani. Anamupapasa miyendo, mimba, paliwombo. Anamununkhiza m'mutu.

Kenako anamasula bulauzi. Mkaka unali utabweranso, ndipo chimene anamuletsera chinali chitapita. Panalibenso tsabola. Anamuyandikiza kubere.

Limbani anayang'ana. Anayang'ananso nkhope ya amayi. Anatembenuka n'kutambasulira manja kapu yanga.

Amayi anamanga mabatani awo limodzilimodzi. Anati, "Mudyetse."

Ndinamudyetsa ali pamiyendo pawo, iwo akumupukuta kuchibwano.